MPEZENI WOYAMBA NDI GOLIDE AMENE SANAPEZEKE

Mwa mafumu onse amene analamulira kuno kum'mawa kwa Zambia, palibe amene anataya zambiri cifukwa ca mphekesera koposa Nkhosi Mpezeni woyamba. Mbiri yakuti m'mapiri a dziko lao munabisika golide inawalanda mwana, ng'ombe ndi dziko lomwe.

Mpezeni anali mwana wa Zwangendaba, ndipo anali akali wamng'ono pamene Angoni anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Zwangendaba atamwalira ku dziko la Afipa, m'Tanzania wa lero, ana ake anapatukana. M'mbelwa anakakhazikika kumpoto kwa Malawi, ndipo Angoni a kwa Magodi, kumpoto kwa Lundazi, ndi nthambi ya gulu lake. Mpezeni anadzera m'dziko la Abemba ndi la Ansenga, ndipo ca m'ma 1870 anamanga pakati pa mapiri ozungulira Chipata. Cuma cao cinali anthu ndi ng'ombe.

M'zaka za m'ma 1880 kunafika Mjeremani wocokera ku Tete, dzina lake Carl Wiese, wogula minyanga ya njobvu. Iye anakhala bwenzi la mfumu, ndipo mu 1891 analandira pepala lomulola kufuna miyala ya mtengo wapatali m'dzikomo. Pepalalo linalembedwa m'cinenero cimene mfumu sinali kucidziwa.

Masiku amenewo Azungu anali atapenga ndi golide. Mu 1886 anampeza wocuruka ku Johannesburg, ndipo ambiri anali kukhulupirira nthano yakale yakuti migodi ya Mfumu Solomo inali m'maiko a mtsinje wa Zambezi. Popeza Apwitikizi anali kupezako golide pang'ono ku Missale, tsidya la malire a Mozambique, mbiri inabuka yakuti nkhokwe yeniyeni iri kwa Mpezeni. Pepala la Wiese linagulitsidwa, ndipo mu 1895 ku London kunabadwa kampani ya North Charterland Exploration. Kampani ya Cecil Rhodes inapatsa kampani yatsopanoyi dziko lalikuru masikweya mailosi 10,000, eni ake osafunsidwa.

Ofuna golide atayamba kuyendayenda m'mapiri ndi kumanga malinga, Angoni anagawanika maganizo. Mpezeni, amene tsopano anali nkhalamba, anafuna kupewa nkhondo, koma mwana wao Nsingu pamodzi ndi anyamata anafuna kupitikitsa alendowo. Mu January 1898 asirikali ocokera ku Nyasaland analowa ndi mizinga ndi mfuti zolakatika. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo mu February Nsingu anagwidwa naomberedwa. Mpezeni anadzipereka, nasungidwa ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji. Patapita pafupifupi caka anabwezedwa kwao, ndipo anamwalira mu 1900. Abale ao a kwa M'mbelwa analowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1904 popanda nkhondo.

Nanga golide uja? Atafufuza m'mapiri ndi m'mitsinje, nkhokwe ija sanaipeze. Pang'ono cabe ndiye anakumbidwa ku Sasare, kufupi ndi Petauke. Kampani inatembenukira ku malonda a minda, niigulitsa kwa Azungu olima fodya, ndipo eni dziko anapanikizidwa m'malo ocepa. Pofuna ndarama za msonkho, amuna ambiri anapita ku migodi ya ku Southern Rhodesia kukakumba golide wa eni ake. Boma linagula dziko la kampaniyo mu 1941, ndipo mwambo wa Ncwala, umene unaleka nkhondo itatha, unayambanso mu 1980.

Ku Lundazi nakonso kuli miyala yokongola imene imakopa alendo. Mafumu, nduna ndi anthu a m'midzi ayenera kukumbukira Mpezeni pamene mlendo abwera ndi pepala: ayambe alimva bwino m'cinenero cao, nafunse alangizi a boma, asanaikepo cala.