Mbiri ya malemu Julius Chongo, katswiri wa Poceza m'Madzulo

Malemu a Julius Chongo ndi mmodzi mwa alembi ndi aulutsi amene anakweza ciyankhulo ca Cinyanja pa wailesi m'dziko la Zambia. Iwo amakumbukika kwambiri cifukwa ca pulogalamu yao ya nthano ndi masewero yochedwa Poceza m'Madzulo, imene inali kumveka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 pa wailesi ya Zambia Broadcasting Services, imene lero ndi ZNBC.

Pa nthawiyo wailesi ya kanema, imene inayamba ku Kitwe mu 1961, inali ya anthu ocepa a m'matauni. Ku Petauke, ku Nyimba ndi m'midzi ina ya cigawo ca kum'mawa, zosangalatsa zinali kufika kudzera pa wailesi ya mabatire. Amene analibe wailesi anali kupita kwa mnansi wao nsima ikadyedwa, ndipo Ansenga, Acewa, Angoni ndi Akunda onse anali kuchera khutu ku mau a munthu mmodzi yemweyo.

Luso la a Chongo linali lakuti nkhani anali kuzipeka okha ndi kuzisewera okha. Iwo anali kukhala wofotokoza nkhani, kenaka n'kusintha mau kukhala mfumu, nkhalamba, mai wokwiya, Kalulu kapena Fisi, kotero kuti womvera anali kuona ngati m'cipinda coulutsiramo mwadzaza anthu. Popeza pa wailesi nkhope ndi manja sizioneka, iwo anadalira kwambiri mvekero, miyambi ndi kukweza kapena kutsitsa mau, kuti munthu aone ndi makutu zimene wakamba nthano wa kumudzi amaonetsa ndi thupi.

Nkhani zina anazitenga ku nthano za makolo n'kuziumba mwatsopano. Zina zinali za moyo wa masiku amenewo, pamene dziko linali litangolandira ufulu mu 1964 ndipo anyamata ambiri anali kusiya makasu kupita ku Lusaka ndi ku migodi. Anthu anali kuseka, koma m'kati mwa phwete munali cenjezo pa umbombo, cinyengo ndi kudzikuza. A Chongo analembanso buku lochedwa Fumbi Khoboo!, limene ambiri analiwerenga pophunzira Cinyanja.

Mau a pa wailesi amapita ndi mphepo ngati palibe wowasunga. Amene anathandiza kusunga nchito ya a Chongo ndi a Ernst Wendland, amene anali mphunzitsi wa ku Lutheran Seminary mu Lusaka komanso katswiri womasulira Baibulo. Iwo anafufuza kalankhulidwe ka m'nthanozi ndipo analandira nazo digiri ya udokotala pa University of Wisconsin ku America mu 1979. Mu 2004, a Chongo atamwalira kale, a Wendland anatulutsa buku lochedwa Poceza m'Madzulo kudzera ku UNZA Press. M'bukuli muli ena mwa masewerowo m'Cinyanja pamodzi ndi kumasulira kwake m'Cingelezi.

Lero ku Petauke ndi ku Nyimba kuli mawailesi a m'deralo, ndipo acinyamata amapanga masewero ao pa kanema ndi pa foni. Ambiri mwa iwo sanamveko mau a a Chongo. Bukuli ndilo lingawaonetse mmene munthu mmodzi, ndi pakamwa pake pokha, anali kukhazika cete mudzi wonse.