Mayi Fannie Farmer, Mphunzitsi wa Miyeso ya M'khitchini

Amayi anzanga, mtsikana amene akuyamba kumene kuphika akafunsa kuti soda wa m'chigumu athire wochuluka bwanji, ambirife timangoti pang'ono. Nanga pang'ono ndi chiyani? Pa msika wa Migowi timagula tomato pa mulu ndi nandolo pa mbale, koma mbale ya uyu si ya uyo. Vuto lomweli ndi limene Mayi Fannie Merritt Farmer a ku America analimbana nalo moyo wawo wonse.

Iwo anabadwa pa 23 Malichi 1857 mumzinda wa Boston, ndipo anali woyamba mwa ana aakazi anayi. Makolo awo ankafuna kuti aphunzire mpaka ku koleji, koma ali ndi zaka 16 anadwala matenda opuwalitsa ziwalo. Sukulu inathera pomwepo. Kwa zaka zingapo sankatha kuyenda, ndipo atachira anakhala akutsimphina mpaka imfa yawo. Ali chibindikirire pakhomo anayamba kuthandiza kuphika.

Ali ndi zaka pafupifupi 30 analowa sukulu ya zophika ya Boston Cooking School. Anamaliza mu 1889, ndipo mu 1891 anakhala mkulu wa sukuluyo.

Nthawi imeneyo mabuku ambiri ankanena za batala wofanana ndi dzira kapena ufa wodzaza dzanja. Kwa mayi wozolowera izi si vuto. Nafenso pophika nsima sitiyesa, mthiko ndiwo umatiuza kuti ufa wakwana. Koma wophunzira alibe dzanja lotere, ndipo soda akangopitirira chigumu chonse chimawawa, ufa ndi shuga n'kupita pachabe. Makapu ndi masupuni oyesera analipo kale, sanawayambitse ndi iwo ayi. Chimene anaumirira n'chakuti muyeso ukhale wosalaza: dzazani kapu kapena supuni, kenaka dutsitsani mpeni pamwamba kuti chotumphuka chigwe. Ufa uyambe wasefedwa usanayesedwe, ndipo usatsindiridwe m'kapu. Pa miyeso yawo, masupuni 3 a tiyi ndi supuni yaikulu imodzi, masupuni aakulu 16 ndi kapu imodzi, yomwe ndi pafupifupi mamililita 240.

Mu 1896 anatulutsa buku lotchedwa The Boston Cooking-School Cook Book. Kampani ya Little, Brown inakayika ngati lingagulidwe, choncho inawauza kuti alipire okha mabuku 3,000 oyambawo. Kukayikako kunawapindulira, chifukwa umwini wa bukulo unakhala m'manja mwawo ndipo linagulidwa kwambiri. Silinali la maphikidwe okha. Linkafotokoza kusiyana kwa kuwiritsa, kukazinga ndi kuwotcha, ntchito ya zakudya m'thupi, ndiponso malangizo a kasamalidwe ka ziwiya ndi ukhondo wa pakhomo.

Mu 1902 anatsegula sukulu yawoyawo, Miss Farmer's School of Cookery, yophunzitsa makamaka amayi apabanja. Popeza anadziwa kugona pa mphasa ya matenda, mtima wawo unali kwambiri pa chakudya cha odwala. Analemba buku la nkhaniyi mu 1904, ndipo anaitanidwa kukaphunzitsa ophunzira udokotala ku Harvard, iwo amene sanapondeko ku koleji.

Chakumapeto miyendo inakananso, ndipo ankaphunzitsa ali pa njinga ya olumala. Phunziro lomaliza anapereka kutatsala masiku khumi kuti atisiye. Anamwalira pa 15 Januwale 1915 ali ndi zaka 57, ndipo anaikidwa m'manda a Mount Auburn ku Cambridge, pafupi ndi Boston.