James Chiona, mbusa amene sadaope Mkango

Lero mumsika wa Limbe mutha kudzudzula boma mokweza, anzanu n'kumangoseka. Zaka za m'ma 1980 pakamwa potere padali pokagonetsa munthu ku Mikuyu. Mmodzi mwa amene adatimasula lilime ndi malemu Ambuye James Chiona.

A Chiona adabadwa mu 1924, adadzozedwa unsembe mu 1954, ndipo mu 1967 adakhala Mmalawi woyamba kutsogolera Arkidayosizi ya Blantyre. Kwa zaka zambiri mpingo wawo udali chete pa nkhani za ndale, pamene Dr Kamuzu Banda ankalamulira pansi pa chipani chimodzi cha MCP.

Maiko a azungu ankamulekerera Kamuzu chifukwa ankadana ndi chikomyunizimu. Koma khoma la Berlin litagwa mu 1989, Soviet Union n'kupasuka mu 1991, adasowa chifukwa chomutetezera. Ku Zambia nako Kenneth Kaunda adagonja pachisankho cha 1991.

Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya maepiskopi imene a Chiona, monga mtsogoleri wawo, adasayinira. Idadzudzula kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, kutsekereza pakamwa nzika, komanso kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka.

Boma lidapsa mtima. Apolisi adawapanikiza maepiskopiwo ndi mafunso mumzinda wa Blantyre, kalatayo idaletsedwa, ndipo akuluakulu ena achipani adafika pokamba zowapha. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko muno. A Chiona sadabweze mawu awo.

Moto udali utayaka kale. Mu Meyi chaka chomwecho ogwira ntchito ku David Whitehead adanyanyala, zipolowe zidabuka ku Blantyre ndi Limbe, anthu ambiri n'kufa, ndipo maiko otithandiza adaimitsa thandizo lina. Pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adavotera zipani zambiri, ndipo mu 1994 Bakili Muluzi adalowa m'boma.

A Chiona adapuma paudindo mu 2001 ndipo adamwalira mu 2008. Demokalase imene adaikira moyo pachiswe idayesedwa mu 2002, pamene Nyumba ya Malamulo idakana kuchotsa malire a materemu a pulezidenti, komanso mu 2020 khoti litafafaniza chisankho cha 2019. Makolo, auzeni ana kuti ufulu wolankhulawu sudagwe kumwamba ngati mvula.