Dr. William Hoppe Murray, Tate wa Masukulu a m'Midzi (1866-1947)

Pakukumbukira zaka za Mishoni wa Mlanda, sikuyenera kuti tichule maina a iwo okha amene anamanga nyumba zao pa malo ano. Alipo winanso amene anakhalitsa kutali, ku Mvera ndi ku Nkhoma, koma dzanja lace linafika m'masukulu onse a m'midzi yathu, kuyambira ku Lizulu kufikira ku Biriwiri. Ndiye Mbusa William Hoppe Murray.

A Murray anabadwa m'caka ca 1866 ku South Africa, m'banja la abusa a Mpingo wa Dutch Reformed, naphunzira za ubusa ku Stellenbosch. Anafika m'dziko muno m'caka ca 1894, patapita zaka 5 ciyambire Mishoni wa Mvera, umene mbale wao A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anautsegula m'caka ca 1889. Masiku amenewo dziko linali lisanakhazikike. Malungo anatha azungu ambiri, ndipo kuno kwa Angoni mfumu Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikari a Boma m'caka ca 1896. Pamene A. C. Murray anabwerera kwao, utsogoleri wa Mishoni wonse unagwera a William Murray, nausenza kufikira caka ca 1937. M'masiku a utsogoleri wao, m'caka ca 1902, nchito ya ku Livulezi inakwera kucoka m'cigwa ca malungo, nikhazikika pano pa Mlanda.

Nzeru yao pa maphunziro inali iyi: sukulu ipite kumudzi, mwana asacoke kwao kukafuna sukulu. Cotero Mishoni anatuma aphunzitsi m'midzi, mmodzi mmodzi, ndipo eni mudzi anamanga kanyumba ka mitengo ndi udzu, kamene kanali sukulu pakati pa sabata ndi nyumba ya mapemphero tsiku la Mulungu. M'menemo ana, anyamata ometa ndebvu ndi amai obereka ana kumbuyo anakhala pamodzi pansi, naloweza malembo, nalemba pa masileti. Kuti aphunzitsiwo asakhale akhungu otsogolera akhungu anzao, sukulu ya aphunzitsi inatsegulidwa ku Mvera, ndipo inasamukira ku Nkhoma pamodzi ndi likulu la Mishoni, nkhondo ya 1914 isanayambe. Pa mamishoni anaphunzitsanso kupala matabwa, kuumba njerwa, kusoka ndi ulimi, kuti wophunzira asanyoze khasu.

Koma sukulu yopanda buku iri ngati munda wopanda mbeu. Msonkhano wa amishoni wa m'caka ca 1900 unapangana kuti pakhale Buku Lopatulika limodzi la Cinyanja, lomveka kwa Amang'anja a kumwera ndi Acewa a pakati pomwe. Katundu wamkuru wa nchitoyi anagwera a Murray. Anathandizana ndi Dr. Alexander Hetherwick ndi Mbusa Robert Napier a ku Blantyre, ndiponso ndi eni cinenero, monga Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilbes Chikuse, amene anayesa mau ali onse ngati amveka m'makutu a anthu a kumudzi. A Napier sanaone mathero ace, pakuti anaphedwa pa nkhondo m'caka ca 1918. Cipangano Catsopano cinatsogola, ndipo Buku lonse linatuluka m'caka ca 1922. Kwa agogo athu ambiri ili ndilo buku limene anaphunzirira kuwerenga, ndi lokhalo limene linali m'nyumba mwao.

Nthawi yonseyi Boma linali kumbuyo pa za maphunziro. Thandizo lace loyamba, m'caka ca 1907, linali mapaundi 1,000 okha, ogawana mamishoni onse a m'dziko. Malamulo a kaphunzitsidwe anapangana ndi amishoni eni, ndipo umodzi wa misonkhano yao unacitika ku Mvera m'caka ca 1910. M'caka ca 1924 kunafika nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, pakati pao Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, ndipo zinayamikira masukulu a Mishoni wathu cifukwa ca kusamala moyo wa kumudzi ndi nchito za manja. Pambuyo pace, m'caka ca 1926, Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro, mkuru wace woyamba ndiye R. F. Gaunt, ndipo m'caka ca 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi yophunzitsa oyendera masukulu a m'midzi. Boma silinayambe pa thengo. Linamanga pa maziko amene a Murray ndi anzao anakumba.

Tisabise kuti njira yao inali ndi kupereŵera kwace. Popeza Mishoni anaika mtima pa Cinyanja ndi pa moyo wa kumudzi, Cingelezi ndi maphunziro apamwamba zinacedwa kufika kuno. Anyamata a ku Livingstonia ndi a ku Blantyre analowa ukalaliki m'maofesi, pamene ambiri a kwathu anapita kukagwira nchito za thukuta ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Dandaulo ili linali loona, ndipo ana a Mpingo eni analinena. Komabe kuwerenga kunafalikira m'midzi yambirimbiri imene sukulu yaikuru sikadafikako, kwa akazi ndi amuna omwe.

A Murray anaona zipatso maso ali moyo. M'caka ca 1925 Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza anadzozedwa kukhala abusa oyamba a mwa ife, ndipo m'caka ca 1926 mipingo yathu inalowa mu C.C.A.P. Mwana wao wamkazi, Dr. Pauline Murray, anatumikira odwala m'cipatala ca Nkhoma. Iwo eni anapuma nchito m'caka ca 1937, nabwerera ku South Africa, namwalira m'caka ca 1947. Sukulu ya aphunzitsi ya ku Nkhoma inachedwa dzina lao.

Tsono inu ana a Mlanda, a ku Biriwiri ndi a m'dziko lonse la Ncheu, pamene mutsegula Buku m'cinenero ca amai anu, kumbukirani amene anakusiyirani, ndipo sukulu ya m'mudzi mwanu isagwe muli penye.