A Thomas Baines, Wojambula Mtsinje wa Zambezi

Madzi a mtsinje wa Lundazi, umene anthu obwera ku msika wa Lundazi amaudziwa bwino, amathira mu Luangwa, ndipo Luangwa amathira mu Zambezi. Mmodzi wa azungu oyamba kujambula Zambezi ndi utoto anali a Thomas Baines.

Iwo anabadwira ku King's Lynn, ku Mangalande, m'caka ca 1820. Mu 1858 anatsagana ndi Dr David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi monga wojambula ndiponso wosunga katundu. Ali ku Tete, kumene Angerezi a nthawiyo anali kulemba kuti Tette, anadwala malungo, koma sanaleke kujambula mtsinjewo ndi mabwato ake. Mu 1859 anaimbidwa mlandu wakuba katundu wa pa ulendowo nacotsedwa nchito. Mlanduwu iwo anaukana.

Sanataye mtima ai. Mu 1862 anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya pamodzi ndi a James Chapman, ndipo mu 1865 zithunzi zao zinasindikizidwa ku London m'buku lochedwa The Victoria Falls, Zambesi River, monga mwa kalembedwe kakale ka dzina la mtsinjewo.

Anamwalira ku Durban pa 8 Meyi 1875 ali osauka. Zithunzi zao zina zikali kusungidwa ku Royal Geographical Society ku London, ndipo zimaonetsa maonekedwe a mathithiwo mlatho wa 1905 usanamangidwe.