Wodala Irene Stefani, Mayi wa Chifundo (1891–1930)

Sisitere Irene Stefani sanapondepo nthaka ya Mecanhelas, koma dzina lao ndi lodziwika m'dayosizi yonse ya Lichinga. Anabadwa pa 22 Ogasiti 1891 m'mudzi wa Anfo ku Italy. M'chaka cha 1911 analowa chipani cha Masisitere a Consolata, nafika ku Kenya mu 1915.

Nthawi imeneyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itabuka. Sisitereyu anatumizidwa ku zipatala za nkhondo ku Voi, Kilwa, Lindi ndi Dar es Salaam, kumene anasamala amtengatenga achikuda odwala kamwazi ndi malungo, anthu amene panalibe wowalabadira.

Kuchokera mu 1920 anakhala pa mishoni ya Gikondi. Kumeneko sanali kudikira kuti odwala abwere okha. Akaweruka kophunzitsa ana, anali kuvala nsapato zao zazikulu ndi kuyenda midzi yakutali, kuzonda amayi apakati, makanda ndi nkhalamba zosowa wozitungira madzi. Akikuyu poona zimenezi anawatcha Nyaatha, ndiko kunena mayi wa chifundo. Mu 1930 kunagwa chaola, mliri woyenda ndi utitiri wa makoswe. Iwo anautenga posamala wodwala, namwalira pa 31 Okotobala ali ndi zaka 39.

Chimene chinawamangiriza ku Niassa chinachitika mu Januwale 1989, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Anthu oposa 200, ambiri mwa iwo akatekisiti ndi mabanja ao, anatsekeredwa m'tchalitchi cha Nipepe. Anapempha Sisitere Irene kuti awapempherere, ndipo madzi ochepa a m'chotengera cha ubatizo anawakwanira onse masiku angapo. Mpingo utafufuza unavomereza chozizwitsachi, ndipo pa 23 Meyi 2015 ku Nyeri anawalengeza kukhala Wodala.

Akhristu a ku Mecanhelas, dziko la madambo a Chilwa ndi Chiuta kumene udzudzu suchoka, ali ndi cholowa m'moyo umenewu. Mayi wapakati woyamba sikelo msanga, mwana wolandira katemera yense pa nthawi yake, banja logona m'masikito ndi kumwa madzi otetezedwa: awa apewa maliro ambiri. Koma wokhala kutali ndi chipatala afuna mnansi womukumbutsa ndi womuperekeza. Ntchito imeneyi mphakati uliwonse ungathe kuigwira, monga anaigwirira Nyaatha, poyenda khomo ndi khomo matenda asanakule.