HARRY MWAANGA NKUMBULA, WOPHUNZIRA WAKALE WA KU KAFUE

Mwa anyamata amene anaturuka m'sukulu ya Mishoni ya Methodist ku Kafue, ambiri anakalamba ndi coko m'manja, ndipo maina ao akumbukika m'midzi momwe anaphunzitsamo. Koma mmodzi wa iwo anasiya coko nanka ku Lusaka kukatsutsana ndi Boma, ndiye Harry Mwaanga Nkumbula.

A Nkumbula anabadwira ku Maala, m'boma la Namwala, kwa Aila, kumene ulemu wa munthu uwerengedwa ndi ng'ombe za m'khola mwace. Anatsiriza Standard VI ku Kafue m'caka ca 1934, nayamba kuphunzitsa kwao komweko. Pambuyo pace anapita ku migodi, naphunzitsa ku Mufulira ndi ku Kitwe, kumene anakhala mkulu wa sukulu ya Wusakile. Masiku amenewo mphunzitsi ndiye anali mlembi wa anzace, wowerenga nyuzi ndi woyankhula pamaso pa Bwana Disii, kotero sanacedwe kulowa m'mabungwe a eni dziko. Atapyola pa Chalimbana, anapita ku Makerere m'dziko la Uganda m'caka ca 1946 mothandizidwa ndi Sir Stewart Gore-Browne, ndipo atacoka kumeneko anaoloka nyanja kunka ku London.

Ku London anapata dipuloma ya uphunzitsi, koma maphunziro a za cuma amene anayamba pambuyo pace sanawatsirize, pakuti mtima wao unali utatengedwa ndi nkhani yina. Azungu a kuno anali kufuna kumanga pamodzi maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'Citaganya cimodzi. M'caka ca 1949 a Nkumbula ndi Dr. Hastings Banda analemba kalata yotsutsa maganizowo. Anabwera kwao mu 1950, ndipo caka cotsatira anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress m'malo mwa a Godwin Mbikusita Lewanika.

Lusaka wa masiku amenewo unali mzinda wogawika. Nyumba zabwino za ku Woodlands ndi ku Kabulonga zinali za Azungu. Anchito akuda anali kukhala m'tinyumba tozungulira ta udzu ta ku Kabwata, ndi ku Chilenje, kumene Congress inali ndi ofesi yace. M'masitolo ena a mumzinda munthu wakuda sanaloledwe kulowa pa khomo. Anali kuima kunja nalandira nyama yace pa kazenera. Congress inauza anthu kuti aleke kugula m'mabucha otere. Mu March 1953 a Nkumbula anatentha pamaso pa khamu la anthu kalata ya Boma la Britain yolongosola za Citaganya, naitanitsa masiku awiri a mapemphero kuti anthu asapite ku nchito. Koma a m'migodi ambiri sanamvere, ndipo Citaganya cinayamba caka comweco. Mu January 1955 anamangidwa miyezi iwiri pamodzi ndi mlembi wao, a Kenneth Kaunda, amenenso anali mphunzitsi, cifukwa anapezedwa ndi mabuku oletsedwa.

Ataturuka m'ndende, anyamata a m'cipani anayamba kudandaula kuti mtsogoleri wao wafooka, ndiponso kuti safuna kumva uphungu. Madandaulowo sanali onama onse iai. Mu October 1958 a Kaunda ndi a Simon Kapwepwe anapatuka, nayambitsa cipani cao, cimene Boma linaciletsa, ndipo m'malo mwace munabadwa UNIP. Anthu ambiri anatsata cipani catsopanoco, ndipo a Nkumbula anatsala ndi mphamvu makamaka ku cigawo ca kumwera.

Tsono pa masankho a 1962 dziko lonse linakhala m'manja mwa munthu wosiyidwayo. Cipani ca Citaganya, UFP, cinapata mipando 16, UNIP 14, ndipo Congress 7 yokha. Panalibe cipani cokhoza kulamulira popanda mipando isanu ndi iwiriyo. Ndiponso Congress inali itapangana kale ndi UFP kuti athandizane pa masankho, kotero ambiri anayesa kuti a Nkumbula adzabwezera cipongwe kwa anyamata amene anawathawa ndi kuwanyoza zaka zinai. Akadatero, akadapatsidwa ulemu waukuru, ndipo Citaganya cimene anacitsutsa kuyambira ku London cikadapeza mpata wopumira. Mu December anasankha kugwirizana ndi a Kaunda, ndipo kunakhala Boma loyamba lotsogozedwa ndi eni dziko. Iwo anatenga unduna wa maphunziro a anthu akuda, ndipo mwana wa sukulu ya Kafue anakhala mkulu wa aphunzitsi amene anali nao kale pa nchito. Citaganya cinatha pa 31 December 1963.

Mphotho yace inali yocepa. Pa masankho a January 1964 UNIP inapata mipando 55, Congress 10, ndipo pamene Zambia inalandira ufulu pa 24 October, a Nkumbula anali ku mbali yotsutsa m'Nyumba ya Malamulo. Anakhala kumeneko kufikira Boma linakhazikitsa lamulo la cipani cimodzi mu December 1972, lamulo limene iwo analikana ndi kulitengera ku khoti, koma osapambana. Mu June 1973 anasaina pangano la ku Choma, nalowetsa anthu ao mu UNIP. Ena mwa owatsata anati wawagulitsa. Ena anati waletsa ndeu pakati pa mitundu. Mu 1978 iwo ndi a Kapwepwe anayesa kupikisana ndi a Kaunda pa utsogoleri wa cipani, koma malamulo anasinthidwa ndipo onse awiri anatsekeredwa kunja.

Anamwalira pa 8 October 1983. Bwalo la ndege la ku Livingstone licedwa ndi dzina lao.